Chithunzi cha ku Japan chopentedwa pamanja: ndigule kapena ndisiye?

Amayi ena okhala ku Leeds, ku England, anditumizira imelo. Akuti anaona pa intaneti chithunzi chakale cha ku Japan, cha nsomba ili m'mbale ndi kanthambi ka maluwa pambali pake, ndipo chinawagwira mtima. Ogulitsa akulonjeza kuwapentera chofanana nacho pansalu ndi penti wamafuta. Funso lawo nali: "Popeza chidzapangidwa ndi dzanja la munthu, kodi sichiposa chongodinda?"

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Ine ndikuti musagule, ngati chimene mukufuna ndi kukoma komwe kunakukokani maso. Chithunzi munaonacho sichinapentedwepo chiyambire. Chinachita kudindidwa, ndipo kudindako ndi ntchito ya manja yoposa imene akukulonjezaniyo.

Mu mzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, ntchito imeneyi ankagawana anthu anayi: wojambula, wosema, wodinda, ndi mwini ndalama amene ankalamula zonse. Wojambula ankalemba mizere papepala lopyapyala. Wosema ankamata pepalalo chafufumimba pathabwa la mtengo wa yamazakura, n'kumasema ndi kampeni mpaka kutsale mizere yokha itatukuka. Apa ndi pofunika kumvetsa: pepala la wojambula lija linkathera pomwepo, lodulidwadulidwa. Ndiye palibe chithunzi choyamba chopentedwa chimene wina angati akukopera. Mtundu uliwonse wa utoto unkakhala ndi thabwa lakelake, ndipo pathabwa lililonse ankasemapo timipata tiwiri totchedwa kento, pokhazika m'mphepete mwa pepala kuti mitundu isaphonyane. Luso lodinda mitundu yambiri chonchi linakhazikika mu 1765, pa zithunzi za wojambula Suzuki Harunobu.

Wodinda ndiye amene ndimamupatsa ulemu kwambiri. Analibe makina. Ankapaka pathabwa utoto wosungunula m'madzi ndi kaphala ka mpunga pang'ono, n'kuyalapo pepala lachinyontho, kenako n'kutikita kumsana kwake ndi baren, kachipangizo kobulungira konga chikhatho, kokutidwa ndi khoko la nsungwi. Utoto sukhala pamwamba ngati penti. Umalowa m'mitsitsi ya pepala, moti mukalitembenuza mumauona utatulukira kuseri, limodzi ndi timizere tomwe baren anasiya.

Zithunzi za zinthu zongokhala, monga zikho, mabokosi, zipatso, zigoba za m'nyanja ndi zolembera, zambiri zili m'gulu lotchedwa surimono. Izi sizinkagulitsidwa pamsika. Magulu a alakatuli ankasonkha ndalama n'kupangitsa zochepa chabe zoti apatsane ngati mphatso, makamaka pa chaka chatsopano, ndakatulo zawo zitalembedwa pamwamba pa chithunzi. N'zazing'ono, pafupifupi masentimita 21 mulitali ndi 18 mulifupi. Popeza samafuna phindu, sankaumira: pepala lochindikala, utoto wonyezimira wa fumbi la zitsulo, wosema ndi wodinda odziwa. Ojambula monga Kubo Shunman, Ryuryukyo Shinsai ndi Totoya Hokkei anatchuka nazo. Hokusai, yemwe ambiri amamudziwira chithunzi chake cha funde lalikulu la panyanja, anapanga gulu la zithunzi zokhudza zigoba mu 1821, ndipo mu 1822, chaka cha hatchi pa kalendala yawo, anapanga lina lomwe zinthu zake zimakumbutsa hatchi.

Pali kanthu kena komwe penti wamafuta sangakwanitse ngakhale wopenta atakhala katswiri chotani. Amakatcha karazuri, kudinda popanda utoto. Wodinda amakanikiza pepala mwamphamvu pathabwa louma, ndipo maonekedwe a nsalu yoyera kapena nthenga za mbalame amatukuka papepalapo. Mukachiyang'ana mwachindunji mumangoona poyera. Mukachipendeketsa pafupi ndi zenera, timithunzi timatulukira, nsalu ija n'kuoneka ngati mungaitsine. Chinapangidwira kugwiridwa m'manja, pafupi ndi nkhope. Mukachikulitsa pansalu yodzaza khoma, zonsezi zimatayika, ndipo zilembo za ndakatulo zimasanduka zokhwatchakhwatcha ngati wopentayo sadziwa kuziwerenga. Sindikunyoza openta. Ena ndi aluso ndithu, koma chomwe angakupatseni ndi chithunzi china, cha iwo eni.

Nanga mutani? Ku Tokyo kudakali amisiri osema matabwa atsopano potsata zithunzi zakale, n'kudinda ndi baren papepala la ku Japan lotchedwa washi monga kale. Adachi Institute of Woodcut Prints, yomwe inayamba mu 1928, ndi imodzi mwa nyumba zochita zimenezi, ndipo sabisa kuti ndi zobwereza. Ngati ndalama zavuta, nyumba zosungiramo zaluso za Metropolitan Museum of Art ku New York ndi Rijksmuseum ku Amsterdam zinaika zithunzi zawo zambiri pa intaneti kuti aliyense atenge mwaulere. Sankhani chimodzi, mukachisindikize papepala labwino losanyezimira, pa msinkhu wake weniweni. Zotukuka zija simuzipeza, komabe mizere ndi mitundu idzakhala yoona.

Wina akakuuzani kuti chake ndi chakale chenicheni, musapupulume. M'zaka za m'ma 1890 ku Akashi, mzinda wa ku Japan, anadinda ma surimono ambiri obwereza, okongola moti asokoneza ogula ambiri. Pemphani chithunzi cha kuseri kwa pepala. Mukakhala nacho m'manja, chiyang'aneni ndi galasi lokulitsa zinthu: cha makina chimaoneka timadontho tandondoloko, pomwe cha thabwa chimaonetsa utoto wolowerera, nthawi zina ndi mizere ya mtengo womwe.

Chilichonse chomwe mungasankhe, Amayi, musachipachike poomba dzuwa. Utoto wina wa zithunzi zimenezi unkachokera ku maluwa, ndipo wofiirira ndi wobiriwira ngati thambo sachedwa kufwifwa. Pakhoma la mthunzi, m'galasi, pepala lisakhudzane ndi galasilo.