Dzanja la labala lija si sewero, ndipo amalume anuwo sakunama

Achemwali, funso lanu lakhala pano kuyambira dzulo ndipo ambiri angoliseka n'kudutsa, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuyankheni mofatsa. Mwafunsa ziwiri. Choyamba, ngati kanema uja wa munthu amene akukuwa pamene mnzake wamenya dzanja la labala ndi nyundo ndi woona kapena anachita kupangana. Chachiwiri, chifukwa chake amalume anu, amene anawadula dzanja zaka zitatu zapitazo, amadandaulabe kuti zala zikuwawa pomwe zalazo palibe. Mwina simunadziwe, koma mafunso awiriwa muzu wake ndi umodzi.

Zimene mwaona mu kanemayo akatswiri anazilemba kalekale. Mu 1998 Matthew Botvinick ndi Jonathan Cohen a ku Pittsburgh anatulutsa kankhani ka tsamba limodzi lokha m'magazini ya Nature. Anatenga anthu 10. Aliyense ankaika dzanja lake lamanzere patebulo, iwo n'kulibisa kuseri kwa thabwa, kutsogolo kwake n'kuikapo dzanja la labala. Kenaka ankasisita manja onse awiri ndi timaburashi topentera, chala chomwecho, nthawi yomweyo. Pakapita mphindi zingapo anthuwo ankanena kuti burashi akuimva pa dzanja la labala lija. Sanathere pa mawu okha ayi. Atawauza kuti atsinzine n'kuloza pamene pali dzanja lawo lenileni, ankaphonya, ndipo ankaphonyera kumbali kumene kunali la labala. Koma wosisita akangosemphanitsa, burashi ina kutsogola ina kutsalira, zonse zinkazilala.

Pambuyo pake Henrik Ehrsson, amene ali ku yunivesite ya Karolinska Institutet mumzinda wa Stockholm ku Sweden, anaika anthu m'makina ojambula ubongo akuchita zomwezi. Mu 2007 iye ndi anzake anaonetsa kuti singano ikayandikira dzanja la labala, mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamayembekezera kupwetekedwa zimadzuka, ndipo zimadzuka kwambiri mwa amene akumva mwamphamvu kuti dzanjalo ndi lawo. Ndiye wokuwa uja musamuweruze. Nzeru zake zikudziwa kuti ndi labala, koma thupi latenga kale chinthucho ngati chiwalo chake.

Ine ndinayesapo pa ndekha ndi gulovu yodzaza ndi nsanza komanso katoni m'malo mwa thabwa. Mphindi yoyamba ndinkangoona gulovu yachikasu basi. Kenaka mnzanga atadutsitsa burashi pa chala chamkombaphala cha gulovuyo, ndinamva ubweya wa burashi pomwepo, pa labala, ndipo dzanja langa lenileni kuseri kwa katoni linakhala ngati lasowa. Mtima unagunda. Titasinthana, mnzangayo sanamve kalikonse, ndipo izinso n'zodziwika: si onse amene zimawagwira. Peter Lush wa ku yunivesite ya Sussex ananena mu 2020 kuti gawo lina la zimene anthu amanena limachokera ku zimene akuyembekezera kuti amva. Ndimaona kuti mfundo yake ili ndi mutu, ndipo m'makanema a pa intaneti amasankha dala anthu amene anadzidzimuka kwambiri.

Wina mu ndemanga pamwambapa walemba kuti maso ndiwo mfumu, ziwalo zina zonse zimangomvera. Akatswiri nawonso anakhulupirira choncho kwa zaka zambiri. Mu 1964 Irvin Rock ndi Jack Victor anapatsa anthu kachidutswa ka mbali zinayi zofanana kuti akagwire, uku akukayang'anira pa galasi lochititsa kuti kaoneke kopyapyala mbali imodzi. Anthuwo anakhulupirira maso, mpaka ambiri sanazindikire n'komwe kuti zala zikuwauza zina. Koma mu 2002 Marc Ernst ndi Martin Banks a ku Berkeley anaunikanso nkhaniyi mwa njira imene ine ndimaikonda kwambiri. Anthu ankayerekeza kutalika kwa kamzere kotukuka, pokaona pa kompyuta komanso pokagwira ndi zala ziwiri kudzera m'makina. Chithunzi chikakhala choyera bwino, ankatsamira pa maso. Ofufuzawo akachisokoneza dala kuti chisaoneke bwino, anthu ankayamba kutsamira pa zala, ndipo ankasuntha mwa mlingo wolingana ndendende ndi mmene chithunzicho chaipira. Chodabwitsa china n'chakuti maso ndi zala zikagwirira pamodzi, munthu ankalondola kuposa pogwiritsa chimodzi chokha.

Ndiye ubongo suli ndi mfumu imodzi. Uli ngati woweruza amene akumvetsera mboni zingapo, n'kupereka khutu kwambiri kwa imene inali pafupi ndi nkhaniyo. Pa funso lakuti chinthu chili pati, maso ndiwo mboni yodalirika, n'chifukwa chake dzanja la labala limapambana. Pa funso lakuti chachitika kangati kapena liti, makutu amaposa maso. Mu 2000 Ladan Shams ndi anzake anaonetsa kuti kuwala kukaphethira kamodzi kokha koma n'kulira timabelu tiwiri mofulumira, anthu amaona ngati kwaphethira kawiri. Pa kusalala kapena kukhakhala kwa chinthu, inunso mukudziwa: ngakhale mwaona kuti thabwa lapalidwa bwino, simukhutira mpaka mutayendetsapo chala.

Ndikamawerenga zimenezi ndimaganizira mmene timayankhulira. Timamva phokoso, timamva fungo, timamva kukoma, timamva kuzizira, timamva kuwawa, ndipo wina akatifotokozera nkhani timati tamva. Liwu limodzi lanyamula zonsezo, kuona kokha ndiko kwaima pakokha. Kafukufukuyu akungotiuza kuti ngakhale kuonako sikuli pakokha monga tinkaganizira.

Kodi kugwirizana kwa maso ndi manjaku timabadwa nako? Mu 1688 William Molyneux wa ku Dublin, amene mkazi wake anasiya kuona atangokwatirana kumene, analembera kalata John Locke, katswiri wa filosofi wa ku England. Anafunsa kuti: munthu wobadwa wosaona, amene amasiyanitsa mpira ndi kabokosi popapasa, atati wayamba kuona lero, angathe kuloza mpira ndi kabokosi osazikhudza? Anthu anakangana pa funsoli zaka zoposa 300. Yankho lomveka linabwera mu 2011 kuchokera ku Project Prakash, ntchito imene Pawan Sinha wa ku yunivesite ya MIT ku America anayambitsa ku India yochita opaleshoni ana obadwa ndi ng'ala komanso mavuto ena a maso ochizika. Anayesa ana 5 a zaka zapakati pa 8 ndi 17 patangopita maola osaposa 48 chichitireni opaleshoni. Kufananitsa zinthu ziwiri popapasa ankatha. Kufananitsa ziwiri poziona ankathanso. Koma akagwira chinthu osachiona, kenaka n'kuuzidwa kuti achiloze ndi maso, zinali ngati akungolota. Atayesanso atatu mwa anawo pambuyo pake, wina mlungu usanathe, anapeza kuti ayamba kukhoza. Ubongo umachita kuphunzira kuti ngodya imene chala chikumva ndi yomweyo imene diso likuona, ndipo umaphunzira msanga.

Tsopano za amalume. Chonde, aliyense amene akuwanena kuti mutu wasokonekera kapena akufuna kuti anthu aziwamvera chisoni, muuzeni aleke. Dokotala wina wa ku Philadelphia, Silas Weir Mitchell, analemba za vutoli mu 1871 atasamalira asilikali odulidwa ziwalo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Ambiri mwa anthu odulidwa dzanja kapena mwendo amamvabe chiwalocho, ndipo ochuluka amamva ululu: kuotcha, kubaya, kapena zala kukhala ngati zafumbata mwamphamvu zikhadabo n'kumalowa m'chikhatho. Mu ubongo muli mapu a thupi lonse. Wilder Penfield anawajambula ku Montreal m'zaka za m'ma 1930 pokhudza ubongo wa odwala ndi magetsi ochepa kwambiri ali maso pa opaleshoni, iwo n'kumanena pamene akumva. Dokotala akadula dzanja, mapu a dzanjalo mu ubongo amatsala. Mitsempha yodulidwa ija nayonso imapitiriza kutumiza mauthenga osokonekera kuchokera pamene anadulapo.

Pa mapu a Penfield, dera la dzanja layandikana ndi dera la nkhope. V. S. Ramachandran wa ku San Diego anapeza odwala amene ukawakhudza patsaya ndi kathonje amamva pa chala chachikulu cha dzanja lomwe linadulidwa. Iye anati nkhope yalanda malo a dzanja mu ubongo. Tamar Makin ndi anzake, ali ku Oxford mu 2013, anapeza kuti mwa anthu omva ululu kwambiri mapu a dzanja lodulidwalo amakhala akadalipo bwinobwino. Mkangano wa chimene chimayambitsa ululuwu ukupitirira, koma palibe mbali imene ikunena kuti ululuwo ndi wongopeka.

Chimene chingakuthandizeni ndi ichi. Ramachandran yemweyo, pamodzi ndi Diane Rogers-Ramachandran, anafotokoza mu 1996 za bokosi la galasi. Wodwala amaimika galasi pakati pa thupi lake, loyang'ana kumbali ya dzanja labwino, mkono wodulidwa n'kubisika kuseri. Akayang'ana m'galasi amaona manja awiri. Akatambasula zala za dzanja labwino, amaona ngati dzanja losowa lija latambasukanso, ndipo ena anamva kufumbata kuja kukumasuka koyamba patapita miyezi kapena zaka. Mwaona kuti ndi nkhani yomweyo ya dzanja la labala? Ubongo wapatsidwa mboni yatsopano, maso, pa dzanja limene linasiya kuyankha. Mu 2007 madokotala a pa chipatala cha asilikali cha Walter Reed ku America anayesa njirayi pa anthu odulidwa miyendo, mphindi 15 patsiku kwa milungu 4, ndipo amene anagwiritsa ntchito galasi ululu unachepa kuposa amene galasi lawo linaphimbidwa ndi nsalu. Anthu ake anali ochepa, ndipo kafukufuku wotsatira waonetsa kuti ena zimawathandiza, ena ayi.

Ndiye musawalonjeze amalume kuti achira. Apite nawo kaye kwa dokotala aone pamene anadulapo, chifukwa nthawi zina pamakhala kachotupa ka mtsempha kamene kamafuna chithandizo china, ndipo palinso mankhwala a ululu wa mitsempha osiyana ndi opha ululu wamba. Akafike ndi kwa a fizo, awafunse za galasili. Akamayesa, achotse wotchi ndi mphete pa dzanja labwino kuti chithunzicho chikhulupirike, ayambe ndi kungoyang'ana osasuntha, kenaka azitambasula ndi kupinda zala pang'onopang'ono. Ena tsiku loyamba amalira akaona dzanja lawo labwerera m'galasi, choncho mukhale nawo pafupi, ndipo akati zawakulira kapena ululu wawonjezeka, asiye tsiku limenelo.