Funsani Azakhali: Ana akufuna kukwera sitima

Zikomo Azakhali,

Ndimakhala pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Ndili ndi ana atatu: wa zaka 7, wa zaka 4, ndi wina wakumsana. Sitima ikangolira, akuluakuluwa amathamangira panja, mpaka bambo awo anawalonjeza kuti holide ikubwerayi akwera sitima yodutsa m'mapiri. Tikakwerere kuti? Nanga ana amisinkhu imeneyi angapirire?

Mayi wa ana atatu, Salima

Mayi,

Bambowo achita bwino, ndipo lonjezolo alisunge. Ine ndinakulira ku Chipoka, njanji ikudutsa kuseri kwa nyumba yathu, choncho mtima wa ana anuwo ndikuudziwa. Njanji imeneyi inafika ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre, koma musadalire kukwerera pakhomo. Sitima ya anthu muipeze ku Balaka, ndipo siyenda tsiku lililonse. Musanawauze ana tsiku lonyamuka, pezani wachibale kapena mnzanu wa ku Balaka apite pasiteshoni akafunse tsiku, nthawi ndi mtengo wa tikiti. Za m'maluwa musayendere.

Nyamukani dzulo lake pa minibasi, mudzere msewu wa M5. Ana muwakhazike kudzanja lamanja, chifukwa mukapitirira Mtakataka ndi Mua mapiri a Dedza amakhala mbali imeneyo, njanjinso mumaiona apa ndi apo. Mukagone ku Balaka.

Ine ndikanasankha sitima yopita ku Blantyre ndi Limbe. Imayamba m'chigwa chotentha cha milambe, kudutsa Nkaya pomwe ipatukira njanji ya ku Liwonde ndi Nayuchi, kenako n'kuwoloka Shire. Ikatero imayamba kukwera, cha ku Lirangwe ndi Lunzu, mpaka Blantyre yemwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Kukwerako mumakumva m'thupi: injini imabuula, kamphepo kamasintha, ndipo pokhota mumaona mutu wa sitima uko inu muli kuno. Mdzukulu wanga ataona zimenezi anakuwa kuti, "Agogo, sitima ina iyo!" Sanakhulupirire kuti ndi yomwe tinakwerayo.

Tsono za kupirira. Wa zaka 7 alibe vuto. Wakumsana bola bere ndi matewera okwanira, agona ndi kugwedezeka kwa bogi. Amene ndikumudera nkhawa ndi wa zaka 4. Ola loyamba adzakhala maso pawindo, lachiwiri adzafuna kuyendayenda, ndipo ulendowu ndi wa maola angapo, sitima ikuima pa masiteshoni ang'onoang'ono. Ameneyo akhale wa bambo ake kuyambira pokwera mpaka potsika. Asatulutse mutu kapena mkono pawindo, asapite yekha kuchimbudzi, ndipo polumikizana mabogi asafikepo n'komwe. Mdzukulu wanga yemwe uja anatulutsa silipasi kuti "imve mphepo", inapita. Tinafika ku Limbe phazi limodzi lili pansi, ine mtima uli thithithi poganiza kuti ukanakhala mkono.

Kamba mutenge wakunyumba: mbatata yophika, mazira, nthochi, ndi madzi akumwa ambiri kuposa momwe mukuganizira. M'masiteshoni amayi amabwera pawindo ndi zitumbuwa, nzimbe ndi chimanga chootcha, ndiye sungani ndalama zing'onozing'ono kuti wamkuluyo agule yekha kamodzi, adzakamba chaka chonse. Zakumwa za m'mabotolo otsegula kale musawapatse. Zitenje zikhale ziwiri, china chobereka, china choyala akagona, ndi majuzi, pakuti mwana wozolowera kutentha kwa Salima ku Limbe amanjenjemera, makamaka mu Juni ndi Julayi.

Ngati thumba silikulola kufika ku Blantyre, funsani za tsiku lomwe sitima imapita ku Nayuchi, mukatsikire pa Liwonde. Ndi pafupi, Shire muwolokabe, mapiri a Machinga muwaona patsogolo, ndipo pobwerera basi mupeza pomwepo.

Azakhali