Yankho kwa alamu pa za pasita ya zigoba ija

Alamu mwaswera bwanji kumeneko, ndaliona funso lanu pa gulupu, loti pasita ya zigoba zikuluzikulu ija anakubweretserani kuchokera ku Johannesburg muiphike bwanji Lamulungu lino kuti isalemere m'mimba, poti ababa anauzidwa kuchipatala kuti achepetse mafuta ndi mchere. Ndangoti ndijambule mawu chifukwa zoti ndinene nzambiri.

Ijatu ndi ya ku Italy, pa paketi pamalembedwa conchiglioni kapena jumbo shells, ndipo eni ake amadzazamo tchizi chofewa chotchedwa ricotta posakaniza ndi sipinachi. Ndiye chimene chimalemeretsa si pasitayo ayi, koma zoikamozo, makamaka anthu akathira tchizi cha cheddar chambiri ndi sosi yoyera ija ya batala, ufa ndi mkaka. Cheddar pa magalamu 100 alionse mafuta amapitirira 30, pomwe ricotta ali cha m'ma 10 mpaka 13, cottage cheese ndiye cha pa 4 basi, mwaona kusiyana kwakeko? Ine ndikanakhala inu cheddar ndikanangomusiyiratu, ndipo sosi ikhale ya tomato.

Ricotta mukamusowa m'mashopu kapena mtengo ukakuopsani musadandaule, pangani nokha. Tengani malita 2 a mkaka wa fuleshi, osati wa long life uja chifukwa sugwirana bwino, muutenthetse mpaka utatsala pang'ono kuwira, muchotse pamoto, muthiremo madzi a mandimu masupuni aakulu 4 kapena 5, mutakase kamodzi kenako muusiye mphindi 10. Muona ukulekana, zoyera pazokha madzi achikasu paokha, ndiye musefe pa kansalu koyera bwino. Zotsala pansaluzo ndiye ricotta wanuyo, zofewa, zopanda mchere, zabwino kwa ababa.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse alamu. Masamba achuluke kuposa tchizi. Sipinachi ngati alipo, koma bonongwe wanthete amachita bwino kwambiri, ine ndimamukonda kuposa sipinachiyo. Mugule wambiri ndithu chifukwa akangoona moto amafwapa, mpukutu wonse umangotsala kadzanja. Muwafwafwaze pang'ono chabe, opanda soda chonde, akazizira muwafinye ndi manja, mufinyenso, mpaka madzi asiye kudontha, kenako muwadule tating'onoting'ono. Mukachita ulesi pofinyapo madzi onse aja amakatulukira mu uvuni, pansi pa mbale pamadzaza madzi ndipo zigoba zimaphwanyika, mumaona ngati mwalakwitsa zonse pomwe vuto ndi madzi okhawo. Mukatero sakanizani masamba, tchizi chija, dzira limodzi loti zigwirane, adyo wosinja, tsabola wakuda, ndi khungu la ndimu lopala pang'ono, limeneli limadzutsa kukoma moti mchere simuufuna wambiri. Achimwene ndikuwadziwa, afunsa kuti nyama ili kuti, ndiye mukhoza kuikamo ya pachidali pa nkhuku yopanda chikopa, yophika kale, yonyenyanyenya. Soseji ayi, muli mafuta ndi mchere wambiri.

Sosi ndi yachidule, anyezi ndi adyo pa supuni imodzi ya mafuta, matimati akupsa bwino ambiri, aphike mpaka alimbe. Osaikamo ma cube aja.

Zigobazo muziphike m'madzi ambiri owira, poto wamkulu, koma muzichotse kutatsala mphindi 2 kapena 3 kuti nthawi yolembedwa pa paketi ikwane, zikhale zolimbirako chifukwa zikapsanso mu uvuni. Muziyale pa thireyi chimodzichimodzi zisamatane, ndipo muphike zoonjezera zingapo poti zina zimang'ambika ndithu. Munthu wamkulu zigoba 4 kapena 5 zimamukwana ngati pali saladi pambali, ndiye muwerenge anthu anu.

Pansi pa mbale ya mu uvuni yambani mwathira sosi, muyale zigoba zodzazazo kukamwa kuloze m'mwamba, sosi ina pamwamba, kenako tchizi cha mozzarella kadzanja kamodzi kokha kongowaza kuti ana asangalale. Parmesan, tchizi cholimba chija, ngati muli naye kasupuni chabe, ndi wamchere kwambiri uja, mwinanso mbali ya ababa musaikeko. Vindikirani ndi foyilo, uvuni pa madigiri 180, mphindi 20 kapena 25, muchotse foyilo zikhalenso mphindi 10 kuti pamwamba pafiire. Magetsi akathima musataye mtima, ikani mu poto wokhuthala pansi, moto wochepa pa mbaula, makala ena pa chivindikiro ngati mmene timaphikira chigumu, kungoti sosi ya pansi ichulukeko kuti zisapserere.

Mukaphula musathamangire kugawa, zikhale kaye mphindi 10 kuti zam'katizo zigwirane. Ndipo china alamu, ababa mukuwadziwa, opanda nsima amati sanadye, ndiye muwauziretu kuti pasitayi ndiyo ikulowa m'malo mwa nsima tsiku limenelo, asadye zonse ziwiri. Kudzaza mutha kuchita Loweruka madzulo nkusunga mu fuliji, mawa lake mukangochoka ku tchalitchi nkuponya mu uvuni, mungoonjezera mphindi pang'ono poti zimakhala zozizira. Ana muwapatse timasupuni tating'ono akuthandizeni kudzazako, ndipo mukafika pa mkaka paja ngati sukulekana mundiimbire pompo.