Penti, mkuwa ndi mbendera za HMS Victory: yankho kwa wopanga kachombo ka matabwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iye anagula bokosi la zipangizo zopangira kachifanizo ka HMS Victory, chombo cha nkhondo cha ku Britain choyendera matanga, pa sikelo ya 1:72 (kutanthauza kuti muyeso uliwonse wa chombo chenicheni wachepetsedwa maulendo 72), ndipo thunthu la kachomboko watha kale kulikhoma matabwa. Chimene chamuimitsa manja ndi penti. Chithunzi cha pa bokosi chikusonyeza mizere yakuda bii ndi yachikasu chowala, pamene zithunzi za chombo chenichenicho zimene waona pa intaneti zikusonyeza mizere yotuwa moderako ndi ina yooneka ngati ya pinki. Akufuna kudziwa kuti zoona ndi ziti, komanso ngati munthu wopanga kachombo kongoika pa shelefu ayenera kudzivutitsa ndi tinthu totere.

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatsegule chitini, pakuti safunsa anadya phula, ndipo penti wolakwika pa matabwa opyapyala chotere sachoka popanda kuwononga ntchito ya miyezi ingapo. Koma funso la penti lili ndi linzake limene liyenera kuyankhidwa poyamba: kodi mukupanga Victory ya chaka chiti?

Chombochi anayamba kuchipanga ku Chatham mu 1759 potsatira mapulani a Thomas Slade, ndipo anachitsitsira m'madzi pa 7 Meyi 1765. Pamene chinkatsogolera zombo za Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, pa nkhondo ya ku Trafalgar pa 21 Okutobala 1805, chinali chitakwanitsa kale zaka 40, ndipo m'zaka zimenezo amisiri anali atachisintha kambirimbiri. Mu 1778, pamene chinamenya nkhondo pafupi ndi chilumba cha Ushant, kunsi kwake kunalibe mkuwa, chifukwa malata a mkuwa okwana 3,923, oteteza matabwa ku nyongolotsi za m'nyanja, anawakhoma mu 1780. Kumbuyo kwake poyamba kunali makonde otseguka amene akuluakulu ankayendapo popitidwa mphepo, koma pa ntchito yaikulu yokonzanso chombochi ya pakati pa 1800 ndi 1803 makondewo anawachotsa, n'kutseka kumbuyo konse ndi mazenera a galasi. Pa nthawi yomweyo anachotsanso chosema chachikulu cha kutsogolo, chodzaza ndi zithunzi zambirimbiri, n'kuikapo chosavuta: chizindikiro cha mfumu chogwiriziridwa ndi tiana tiwiri. Choncho munthu amene waika makonde otseguka pa kachombo kamene wakalemba kuti ndi ka 1805 wapanga chombo chimene sichinayendepo pa nyanja iliyonse, ngakhale chidutswa chilichonse pachokha chinalipodi nthawi ina.

Kwa inu chisankhochi n'chapafupi. Yang'anani kumbuyo kwa thunthu limene mwakhomalo; ngati kuli mizere itatu ya mazenera popanda khonde, monga zilili m'mabokosi ambiri, ndiye kuti wokonza bokosilo anakusankhirani kale zaka za 1803 mpaka 1805, ndipo chilichonse chimene muziwonjezera chiyenera kugwirizana ndi zaka zimenezo.

Tsopano za penti. Kwa zaka zambiri anthu opita ku Portsmouth, kumene chombochi chakhala pa doko louma kuyambira 1922, ankachiona chili ndi mizere yakuda ndi yachikasu chowala, ndipo ojambula mabokosi anatengera zomwezo. Kenaka akatswiri anapala tizidutswa ta penti m'malo ambiri a chombochi n'kutiunika ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono, ndipo penapake anapeza kuti penti anapakidwa pamwamba pa mnzake maulendo oposa 70. Atafika pa penti wa nthawi ya Trafalgar anapeza kuti wakudayo sanali wakuda bii koma wotuwa moderako ngati makala, ndipo wachikasuyo anali wofuwirira, wopendekera ku pinki. Mu 2015 chombo chonse anachipakanso motsatira zimenezi, ndipo ena mwa okonda mbiri ya Nelson anang'ung'udza chifukwa maso awo anali atazolowera zakale. Chifukwa cha kufuwirirako sichovuta kumvetsa: penti wa masiku amenewo ankapangidwa ndi dothi lachikasu losakaniza ndi ufa woyera wa mtovu ndi mafuta, motero sakanawala ngati penti wa m'fakitale wa lero. Zithunzi za pa intanetizo ndiye zili pafupi ndi zoona kuposa chithunzi cha pa bokosi lanu.

Zoterezi sizinachitike ku Portsmouth kokha. Vasa, chombo cha ku Sweden chimene chinamira pa ulendo wake woyamba mu 1628 n'kuvuulidwa mu 1961, anthu ankachiganizira kwa nthawi yaitali kuti chinali chobiriwira ngati thambo ndi chagolide, mpaka kafukufuku wa penti atasonyeza kuti mbali zake za pamwamba zinali zofiira ndipo zosema zake zinali za mitundu yambiri yowala. Amene anapanga tizombo tawo kafukufukuyo asanachitike sanali aulesi. Anatsata zimene zinkadziwika pa nthawiyo.

Ndikuchenjezeni, komabe, kuti musatenge chombo cha ku Portsmouth ngati mboni yosalakwa pa zonse. Nkhondo ya ku Trafalgar itatha, Victory anaikonzanso pakati pa 1814 ndi 1816 n'kusintha kutsogolo kwake kukhala kozungulira, ndipo maonekedwe amene anthu amaona masiku ano ndi zotsatira za ntchito ya m'zaka za m'ma 1920, pamene bungwe la Society for Nautical Research linatsogolera zoyesa kuchibwezeretsa mmene chinalili mu 1805. Milongoti yake ikuluikulu ya m'zaka zapitazi inali yachitsulo, yochokera pa chombo china chotchedwa HMS Shah, pamene ya nthawi ya Nelson inali ya mitengo. Mizinga yambiri imene alendo amaona ndi yongoyerekezera, yopangidwa ndi zinthu zopepuka kuti thunthu lokalambalo lisalemedwe. Palinso kachitsulo konyezimira kokhomedwa pamalo pamene Nelson anagwera atawomberedwa kuchokera pa chombo cha ku France cha Redoutable. Ndaonapo tizombo tokongola tosonyeza m'mawa wa tsiku la nkhondoyo tili ndi kachitsulo kameneka, ngati kuti amalinyero anadziwiratu pamene mkulu wawo adzagwere masana ake.

Zojambula za akatswiri nazo zimafunika kuziona ndi maso awiri. J. M. W. Turner anakwera Victory mu Disembala 1805 n'kujambula zimene anaona, koma chithunzi chake chachikulu cha nkhondoyi, chimene anachipanga pa pempho la Mfumu George IV m'zaka za m'ma 1820, anthu a usilikali wa pamadzi anachidzudzula chifukwa anasonkhanitsamo zinthu zimene zinachitika pa maola osiyana. Ngati mukufuna poyambira podalirika, mapulani akale a boma osungidwa ku National Maritime Museum ku Greenwich ndiwo oyenera kuwakhulupirira kuposa chithunzi chilichonse chokoma m'maso.

Mbendera ndi pamene ambiri amagwa, mwina chifukwa zimaikidwa pomaliza, munthu atatopa kale. Mtanda wofiira wopingasa wa Ireland unalowa pa mbendera ya Britain pa 1 Januwale 1801, kotero Victory ya pa nkhondo ya ku Cape St Vincent mu 1797 siyenera kukhala nawo, pamene yanuyo iyenera kukhala nawo. Kufikira 1864 zombo za nkhondo za ku Britain zinkagawidwa m'magulu atatu, lofiira, loyera ndi lobiriwira ngati thambo, ndipo mbendera ya kumbuyo inkatsata gulu la mkulu wolamulira. Nelson pa Trafalgar anali wa gulu loyera, choncho mbendera yoyera ndiyo yolondola. Uthenga wake wotchuka uja, wonena kuti England ikuyembekezera munthu aliyense kuchita udindo wake, unakwezedwa m'magulu 12 a timbendera, gulu lina likatsika lina n'kukwera. Kupachika timbendera tonseto nthawi imodzi ndi mwambo wa tsiku la chikumbutso ku Portsmouth, osati zimene zinaoneka pa nyanja.

Mizinga sindikhalitsapo. Inalipo 104, ndipo inali yachitsulo chakuda, motero timizinga tonyezimira ngati golide timene timabwera m'bokosi muyenera kutidetsa. Musaiwale mizinga iwiri yaifupi, yonenepa, ya kutsogolo, yotchedwa carronade potengera fakitale ya Carron ku Scotland, imene inkaponya chipolopolo cholemera mapaundi 68. Iyi maonekedwe ake ndi osiyana ndi inzake, ndipo munthu wodziwa amaifunafuna poyamba. Zitseko za mabowo a mizinga muzipake zakuda kunja kwake, kuti zikatsekedwa mzere wofuwirirawo uzioneka wodukizadukiza ngati bolodi la drafuti.

Pali kulakwa kwina kumene mabuku a mbiri sangakupulumutseniko, ndiko kulakwa kwa sikelo, ndipo pamenepa ndi pamene ine ndinaphunzira movutikira. Pa 1:72, nsanjika ya mizinga ya Victory, yotalika pafupifupi mamita 57, imakhala masentimita 79 okha. Lata limodzi la mkuwa, limene linali la masentimita pafupifupi 122 m'litali ndi 36 m'lifupi, limasanduka kachidutswa ka mamilimita 17 ndi 5. Misomali yake inkakhomedwa mpaka mutu kulingana ndi lata, kuti madzi asamakodwepo, ndipo pa sikelo yanu mutu umenewo sungafike ngakhale theka la milimita. Timalata ta m'mabokosi ambiri timabwera ndi timatuza totukuka tosonyeza misomali, ndipo mukatikulitsa maulendo 72 m'maganizo mwanu mupeza kuti chombo chotere chikanakhala ndi zotupa zazikulu ngati mandimu kunsi konse. Apa kulondola kumafuna kuti muchotse m'malo mowonjezera: tisalazeni timatuzato ndi nsana wa supuni, ndipo mkuwawo musaupukute kuti unyezimire, pakuti mkuwa wa chombo chogwira ntchito unkakhala wothimbirira.

Zingwe zili ndi vuto lomwelo. Victory inali ndi zingwe zotalika pafupifupi makilomita 42 zikaphatikizidwa, zopotedwa ndi luzi la chomera cha mtundu wa chamba. Zingwe zoimika milongoti, zimene sizinkasuntha, ankazipaka phula lochokera ku mitengo ya paini, motero zinali zoderako kwambiri, zopendekera ku bulauni. Zokokera matanga zinali zotuwa ngati udzu wouma. Chingwe choyera mbee panalibe. Pa kachombo kanga koyamba, kamene sikanali Victory koma kena kakang'ono ka milongoti itatu, ndinamanga timakwerero ta zingwe tokwerera ku milongoti ndi ulusi woyera wonenepa, wonga wosokera matumba a chimanga, chifukwa ndi umene unali m'bokosi. Ndinatha masabata atatu ndikumanga mfundo imodziimodzi ndi kachitsulo kozulira minga, ndipo ndinali wonyadira mpaka tsiku limene ndinakajambula chithunzi pa khonde dzuwa likuwala. Pa chithunzipo panaoneka ukonde wa msodzi utayanikidwa pa mitengo, chombo chenichenicho chitabisika kuseri. Nditawerengera ndinapeza kuti chingwe cha makwererowo, chimene pa chombo chenicheni chinali chosaposa chala kunenepa, ndinachipanga chofanana ndi mkono wa munthu. Ndinatenga lezala n'kudula zonse. Pa sikelo yanu gwiritsani ntchito ulusi wopyapyala wosokera zovala, woderako, muukhuze pa phula la njuchi kuti tiubweya take tigone, ndipo musiye mpata wa mamilimita pafupifupi 5 pakati pa mzere ndi unzake.

Mwafunsa ngati zonsezi zili ndi phindu kwa munthu wongoika kachombo pa shelefu. Maganizo anga ndi akuti kachomboko ndi kanu, ndipo ngati mumakonda chikasu chowala cha pa bokosi palibe wokuimbani mlandu; mungathenso kunena moona kuti mwapanga Victory monga inkaonekera ku Portsmouth chisanafike chaka cha 2015, pakuti nayonso ndi mbiri. Chimene sindigwirizana nacho ndi kulemba 1805 pa kathabwa ka m'munsi pamene pamwamba pali zinthu za zaka zinayi kapena zisanu zosiyana. Ndiponso mukasankha tsiku, sankhaninso zimene chombocho chikuchita pa tsikulo. Ngati chikulowa m'nkhondo, zitseko za mizinga zikhale zotsegula, mizinga itasuzumira kunja, nsalu zogonapo amalinyero zitakulungidwa n'kulongedwa m'maukonde a m'mbali kuti zitchinge zipolopolo, ndipo zitsulo zomanga milongoti zikhale zachikasu, monga zinapakidwira kuti mu utsi zombo za Britain zisiyane ndi za adani, zimene zitsulo zake zinali zakuda. Ngati chili pa nangula mu mtendere, zitseko zambiri zingathe kutsekedwa ndipo matanga akulungidwe, chinthu chimenenso chimakupulumutsani ku vuto lakuti palibe nsalu yopyapyala mokwanira kuoneka ngati thanga lenileni pa 1:72.

Pa penti, musayambire pa thunthu. Tengani zotsalira za matabwa omwewo, musakanize woyera wambiri ndi wachikasu wonga dothi, muwonjezere kadontho ka wofiira, kenaka mupake timizere titatu kapena tinayi tosiyana kuchuluka kwa wofiirayo, pambali pake pali wotuwa woderako. Penti akhale wosanyezimira. Zikauma, ziikeni pa shelefu pomwe kachomboko kadzakhale, mubwerere masitepe awiri m'mbuyo, ndipo muziyang'ane masana ndi usiku magetsi atayaka. Mtundu umene pa chombo cha mamita ambiri umaoneka wofatsa, pa kachombo kosakwana mita umalimba m'maso, choncho mwa timizere timeneto tengani kamene kakuoneka kofuwirira pang'ono kuposa mmene mumafunira.