Zaka 1000 zija: yankho kwa achemwali a ku Chibavi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati pamaliro ku Chibavi sabata yatha mlaliki ananena kuti mkwatulo, kutengedwa kwa okhulupirira kupita kumwamba, uli pakhomo, kenako kudzabwera chisautso cha zaka 7, ndipo pambuyo pake Yesu adzakhala pampando ku Yerusalemu zaka 1000. Mutawafunsa akulu a mpingo wanu, iwo anati zaka 1000 zimenezo tili m'kati mwake kale. Ndiye mukufuna kudziwa kuti akunama ndani, komanso ngati Satana anamangidwa kale, bwanji dziko lavunda chonchi. Ndaona ena m'makomenti a funso lanu aweruza kale kuti mkuluyo sakhulupirira Baibulo. Abale, tadekhani kaye.

Zimene mkuluyo anakuuzani sanazilote. Ndi chiphunzitso chakale kwambiri, ndipo m'masukulu a zaubusa amachitcha amillennialism. Dzinali ndi losokoneza, chifukwa limamveka ngati anthuwa akuti zaka 1000 kulibe. Chimene amanena n'chakuti zaka 1000 za pa Chivumbulutso 20 zikuimira nyengo yonse kuyambira pamene Khristu anauka n'kukwera kumwamba kufikira tsiku limene adzabwerenso. Akulamulira panopa. Akadzabwera, adzabwera kamodzi kokha, akufa onse adzauka, chiweruzo chidzachitika, kenako kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano. Basi.

Tsegulani chaputala 20 chimenecho, muwerenge vesi 1 mpaka 7. Mawu oti zaka 1000 muwapeza ka 6, ndipo m'Baibulo lonse palibenso pena pamene ufumu wa Khristu wapatsidwa chiwerengero chimenechi. Tsono taonani buku limene mawuwa ali. Ndi buku la chilombo cha mitu 7 ndi nyanga 10, la mwanawankhosa wa maso 7, la mngelo wotsika ndi kiyi ndi unyolo kudzamanga Satana. Palibe amene amati unyolowo ndi wachitsulo ngati wa ku hadiweya, poti mzimu sumangika ndi chitsulo. Nanga ngati unyolo ndi fanizo, kiyi ndi fanizo, chinjoka ndi fanizo, n'chifukwa chiyani 1000 yekhayo tiziwerenga ndi kalendala? Pa Salimo 50:10 Mulungu akuti ng'ombe za pamapiri 1000 ndi zake. Sindinamvepo munthu akunena kuti za paphiri la 1001 ndi za anthu a ku Mzimba.

Tibwere pa funso lanu lenileni, la Satana womangidwa, poti ndi pamene ambiri amagwera. Vesi 3 ikunena cholinga cha kumangako: kuti asanyengenso mitundu ya anthu. Sikunena kuti asayesenso munthu, kapena kuti matenda, kuba ndi katangale zithe. Inu munakulira kumudzi ngati ine, mukudziwa zimene timachita ndi mbuzi chimanga chikamera. Timaimanga pachikhomo. Pamene chingwe chikufika imadya mpaka kusiya dothi lokhalokha, ndipo mukaiwala nsalu pafupi, itafuna. Koma kumunda siifika. Yesu mwini pa Mateyu 12:29 anati sungalande katundu wa munthu wamphamvu usanayambe wamumanga, ndipo ananena izi akutulutsa ziwanda, kusonyeza kuti kumangako kunali kutayamba. Khristu asanabwere, odziwa Mulungu wa Israeli anali pafupifupi mtundu umodzi wokha. Lero taonani. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, anakwera ku Khondowe mu 1894, ndipo pano Lamulungu lililonse kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa mumamva nyimbo m'Chitumbuka, m'Chichewa, m'Chitonga, m'Chingerezi. Kwa a chiphunzitsochi, chingwe chija n'chimenecho. Mdani akuluma ndithu, koma walephera kutsekera uthenga kunja.

Pali chinanso chimene chikanayenera kumveka pamaliro paja. Pa vesi 4 Yohane akuti anaona mizimu ya anthu amene anadulidwa mitu chifukwa cha umboni wa Yesu, ndipo anali kulamulira naye. Mizimu, osati matupi. Mipando yachifumu m'buku limeneli pafupifupi nthawi zonse imaoneka kumwamba. Choncho ambiri a chiphunzitsochi amati kuuka koyamba ndi pamene wokhulupirira wamwalira n'kukakhala ndi Khristu, ena amati ndi kubadwa mwatsopano, potengera Yohane 5:24-25 ndi Aefeso 2:6. Kuuka kwa matupi kuli pa Yohane 5:28-29, pamene Yesu akuti nthawi ikubwera imene onse ali m'manda adzamva mawu ake, ochita zabwino ndi ochita zoipa omwe. Nthawi imodzi. Sanaike zaka 1000 pakati pawo. Ine tsiku limene tinaika mayi anga ku Zolozolo, kukugwa kamvula kowaza kaja ka mu Julaye, adzukulu akukwirira dothi lonata, mawu amene anandigwira mtima ndi amenewa, kuti mayi sakudikira ufumu wina wam'tsogolo, ali nawo kale kwa Ambuye.

Ena alemba kuti izi n'zobwera ndi azungu. Munthu amene anachiyala bwino chiphunzitsochi ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi ku Algeria, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu limene anamaliza cha m'ma 426. Anali wa mu Africa muno, ndipo anatengerako kwa Tyconius, wa kumpoto kwa Africa yemwenso. Asanabwere iye, kunalidi akuluakulu ngati Justin Martyr ndi Irenaeus amene ankayembekezera ufumu wa zaka 1000 pansi pano, koma Justin yemweyo anavomereza kuti Akhristu ambiri abwinobwino a m'masiku ake sankagwirizana naye. Luther ndi Calvin anatsata njira ya Augustine, Akatolika nawonso katekisimu wawo amakana zoti padzakhala ufumu wa zaka 1000 padziko chiweruzo chisanafike. Chimene chili chachilendo kwenikweni ndi ndondomeko ija ya mkwatulo wachinsinsi wotsatidwa ndi zaka 7. Inafala ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, n'kukula ndi Baibulo la Scofield la mu 1909, ndipo kwathu kuno yafika kwambiri kudzera m'mafilimu, pa TV ndi m'timabuku taulere. Anzathu a Seventh-day ali ndi kawerengedwe kawonso, koti zaka 1000 oyera adzakhala kumwamba dziko lili bwinja.

Ndisakunamizeni kuti mbali imene ndaimayi ilibe potsimphina. Mawu oti "anakhalanso ndi moyo" pa vesi 4 ndi pa vesi 5 ndi amodzi m'Chigiriki. Wina akandifunsa kuti bwanji poyamba ndikuti ndi kuuka kwa mzimu, pachiwiri kwa thupi, ndimayankha, koma yankho lake silimandikhutiritsa mpaka pansi pa mtima. Yesaya 65:20 nayenso amakamba za nyengo yabwino imene imfa ikadalipo, ndipo kuiika pamalo pake n'kovuta. Pali abusa oopa Mulungu amene amakhulupirira ufumu wa zaka 1000 wam'tsogolo, ndipo sindingawachotsere chikhristu chawo. Chikhulupiriro cha Atumwi chimene timanena m'tchalitchi chimangoti adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa, za zaka sichitchula. Mlaliki uja ndi mkulu wanu atha kudya mgonero pagome limodzi.

Chimene ndimadana nacho ndi kuwerengera masiku ndi kuopseza anthu, ndipo kumpoto kuno tinaziona kale. Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Bandawe, anakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town n'kubwerako mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower woti ufumu ufika mu 1914. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay. Sindimawaseka anthu amenewo, anali atatopa ndi msonkho wa atsamunda, ndipo analonjezedwa kuti zonsezo zitha. Boma linamuchotsa Kamwana m'dziko mu 1909, ndipo analoledwa kudzakhalanso kwawo mu 1937. Chimene chinafika mu 1914 inali nkhondo, mfuti zinalira ku Karonga, ndipo amuna ambirimbiri anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali. William Miller, mlaliki wa ku America, ndi omutsatira anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844. Harold Camping, mlaliki wa pa wailesi wa ku America komweko, anati 21 Meyi 2011. Nanga mu 1999? Tinali ndi neba wathu ku Chiputula amene chaka chimenecho sanagule feteleza, ati adya ndani poti dziko likutha. Usiku wa pa 31 Disembala anagona kutchalitchi atavala suti yake ya ukwati. M'mawa anabwerera wapansi, jekete ili paphewa, ndipo pofika Febuluwale ana ake ankadya kwathu. Mu 2021 zinabweranso, katemera ati ndi 666, monga ena ananenera za ziphaso zaunzika mu 2017. Pa Mateyu 24:36 Yesu anati za tsikulo ngakhale angelo sadziwa, ndipo pa Machitidwe 1:7 anawauza ophunzira kuti nthawi ndi nyengo si zawo kuzidziwa.

M'komenti yanu yachiwiri mwati achimwene anu akufuna kugulitsa puloti ya ku Luwinga n'kusiyitsa mwana ku Mzuni chifukwa cha ulaliki womwewo. Apo ndiye musachedwe, muwayendere sabata yomwe ino. Muwerenge nawo 2 Atesalonika 3, pamene Paulo akudzudzula anthu amene anasiya ntchito, mumpingo womwewo umene unali utasokonezeka ndi mphekesera zoti tsiku la Ambuye lafika. Ngati n'kotheka mutenge mkulu uja apite nanu, koma asakayambe ndi za Augustine. Akayambe ndi kufunsa kuti mlalikiyo puloti yake wagulitsa kale kapena ayi.