Galimoto yotulutsa madzi m'malo mwa utsi: bwanji tonse sitikuigula?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yonena kuti: "Ndinaonera kanema wa galimoto yoyendera haidirojeni, kupaipi ya utsi kukungodontha madzi. Poti haidirojeniyo ali m'madzi, ndipo madzi ali mbwee m'nyanja, dziko likudikira chiyani kuti lisiye petulo ndi dizilo?"

Zikomo pondilembera. Zimene munaonazo n'zoona. Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa galimoto yotere, Mirai, mu 2014. Mkati mwake muli chipangizo chotchedwa fuel cell, momwe haidirojeni amakumana ndi okosijeni wa mumpweya n'kupanga magetsi oyendetsa mateyala, chotsala n'kukhala madzi basi. Koma wojambula kanemayo anaima kumbuyo kwa galimoto. Akanayamba wakuonetsani kaye komwe haidirojeniyo anachokera.

Apa ndiye pagona nkhani. Malasha timachita kukumba, mafuta timapopa pansi, ndipo mphamvu yake timaipeza ili kale momwemo. Haidirojeni wa m'madzi ndi womangika zolimba ndi okosijeni, moti kuti mumumasule muyenera kulipira ndi magetsi. Makina otchedwa electrolyser amadya ma kWh (mayuniti a magetsi) 50 mpaka 55 kuti atulutse kilogalamu imodzi, pomwe kilogalamuyo imasunga ma kWh pafupifupi 33 okha. Mwaluza kale musanailize n'komwe galimoto. Kenaka mpweyawu ndi wopepuka kwambiri, ndiye muyenera kuupanikiza mpaka mabar 700 (pafupifupi ka 700 kuposa mmene mpweya wotizungulira umapanikizira) kuti ukwane m'thanki, kapena kuuziziritsa kufika madigiri 253 pansi pa ziro kuti usanduke wamadzimadzi. Zonsezo ndi magetsi. Nayo fuel cell imataya pafupifupi theka la mphamvu ngati kutentha. Mukawonkhetsa, pa magetsi 100 omwe munayamba nawo, ofika kumateyala ndi cha m'ma 30. Magetsi omwewo mukanangowathira mu batire, oposa 70 akanagwira ntchito.

N'chifukwa chake ineyo ndikamva munthu akutchula haidirojeni ngati gwero la mphamvu, ndimamuwongolera: ndi chotengera, ndipo ndi chotengera chodontha.

Pali china chimene otsatsa malonda sakonda kutchula. Dziko lapansi limagwiritsa kale ntchito matani oposa 90 miliyoni a haidirojeni pachaka, ndipo pafupifupi yense amapangidwa kuchokera ku gasi wachilengedwe ndi malasha. Kilogalamu iliyonse yochokera ku gasi imasiya makilogalamu pafupifupi 10 a carbon dioxide, mpweya wotenthetsa dziko, ndipo ya malasha imaposa pamenepo. Wochokera ku gasiyu ndi amene amamutcha haidirojeni wotuwa. Wobiriwira, wopangidwa ndi magetsi a dzuwa kapena a mphepo, sakufika ngakhale pa 1 peresenti. Choncho galimoto ikhoza kudontha madzi oyera mumsewu, utsi wake utatulukira kale kufakitale.

Musandimve ngati ndikuti haidirojeni ndi wachabechabe. Ali ndi ntchito zake zimene batire singazithe, kungoti si zokopa maso pa kanema.

Yoyamba ndi feteleza. Kuyambira 1913, pamene fakitale ya Oppau ku Germany inayamba kugwiritsa ntchito njira ya Fritz Haber ndi Carl Bosch, amoniya, yemwe ndi maziko a feteleza wambiri, amapangidwa pophatikiza haidirojeni ndi naitirojeni wa mumpweya. Apa palibe choti n'kulowa m'malo mwake, chifukwa haidirojeniyo ndi mbali ya chinthu chomwe chikupangidwacho. Kungosintha wotuwa wa m'mafakitale amenewa kuti akhale wobiriwira ndi ntchito yaikulu kale, ndipo kwa ine ndi pomwe tiyenera kuyambira.

Yachiwiri ndi chitsulo, chomwe chimatulutsa pafupifupi 7 peresenti ya carbon dioxide yense wochokera ku ntchito za mphamvu. Miyala ya chitsulo imakhala ndi okosijeni, ndipo mwachizolowezi amamuchotsa ndi malasha. Haidirojeni amathanso kumuchotsa, n'kusiya nthunzi yamadzi m'malo mwa utsi. Ku Sweden, makampani a SSAB, LKAB ndi Vattenfall anayesa zimenezi pa ntchito yawo ya HYBRIT ku Luleå, ndipo mu 2021 anapereka chitsulo choyamba chotere ku kampani ya Volvo. Sitima zikuluzikulu zapanyanja nazonso zikuyang'ana ku amoniya ndi methanol, mafuta omwe angapangidwe kuchokera ku haidirojeni, poti batire yowolotsa sitima nyanja yamchere ingadye malo a katundu.

Za pamsewu ndi panjanji, taonani zimene zinachitika ku Lower Saxony, ku Germany komweko. Mu 2018 anayamba kunyamula anthu pa sitima ya haidirojeni ya kampani ya Alstom, yoyamba padziko lonse, anthu n'kuomba m'manja. Pofika 2023, akuluakulu a zamtengatenga m'deralo atawerengera ndalama, ananena kuti sitima zotsatira zomwe agule zikhala za batire.