Vinyo wa cherry wa mphamvu 18%: timwe bwanji pa Khirisimasi?

Funso: Akonzi, ndalandira mphatso ya botolo la vinyo wotsekemera wa cherry, la 375 ml, ndipo palembedwa kuti mphamvu yake ndi 18%. Ndikufuna kulitsegula pa Khirisimasi alendo akatha kudya. Kodi akusiyana bwanji ndi vinyo wamba? Timwe wozizira kapena ayi? Nanga wotsala ndisunge bwanji?

Yankho: Zikomo pofunsa musanatsegule. Vinyo ameneyu amapangidwa motere: madzi a cherry, kachipatso kakang'ono kofiira ka nthangala imodzi, amathiramo yisiti, yisitiyo n'kumadya shuga ndi kumusandutsa mowa. Asanamalize shuga yense, wopanga amathiramo brandy kapena mowa wina wotcheza wa mphamvu kwambiri. Mphamvu ikapitirira 15% kapena 16%, yisiti sathanso kugwira ntchito, ndiye shuga wotsalayo amakhala momwemo. N'chifukwa chake vinyoyu ndi wotsekemera komanso waukali nthawi imodzi. Umu ndi momwenso amapangira vinyo wa Port ku Portugal, kungoti kumeneko amagwiritsa ntchito mphesa.

Opanga ambiri amasankha cherry wowawasa, osati wotsekemera wongodya uja. Ku Michigan, ku America, amadalira mtundu wa Montmorency, ku Denmark wa Stevnsbær. Kuwawasako n'kofunika, pakuti popanda iko vinyoyu angakome ngati manyuchi, munthu n'kukola msanga.

Tsopano nkhani ya kuzizira, yomwe ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Vinyoyu amafuna 12 mpaka 15°C. Akatentha kuposa pamenepo, fungo la mowa limathamangira m'mphuno ndipo la chipatso limabisika. Akazizira ngati wongochoka kumene m'firiji, pa 4°C, fungo lonse limagona, mumangomva kutsekemera basi. Ikani botolo m'firiji kwa mphindi 40 musanatsegule. Ngati lagona momwemo, litulutseni likhale patebulo mphindi 20 kapena 30. Madzi oundana musaikemo, amasungunula kukoma konse.

Thirani 60 ml yokha m'tambula yagalasi yaing'ono, yothina pakamwa pake. Botolo lanulo likwanira anthu asanu ndi mmodzi. Muyambe mwayang'ana mtundu, tambula mutaipendeketsa pamwamba pa nsalu yoyera: vinyo wabwino amaoneka wofiira kwambiri, mwina wopita kukuda pakati, m'mphepete mowala. Zunguzani pang'ono, muone timadontho tikutsetsereka pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi, chizindikiro cha shuga ndi mowa wochuluka. Ponunkhiza musalowetse mphuno mkati mwenimweni, chifukwa 18% imaotcha. Kenako psipani pang'ono, musunge m'kamwa masekondi asanu. Kutsekemera kumayamba, kuwawasa kumatsatira m'mbali mwa lilime, kufunda kumatsirizira kukhosi. Mukamva kafungo ngati ka mtedza wa almond musadabwe: kamachokera ku nthangala za cherry zomwe opanga ena amazisiya m'madzimo vinyo akuwira. Kwa ife, kafungo kameneka ndi kamene kamapatsa vinyoyu ulemu wake.

Chodyera limodzi chisapose vinyoyo kutsekemera, apo ayi adzamveka wowawasa ndi wosakoma. Chokoleti chakuda cha 70%, tchizi chamchere ndi mtedza wokazinga zimayenda naye bwino. Keke yodzaza shuga pamwamba imamuphimba.

Wotsala mutseke bwino, botolo liime chilili m'firiji. Mowa ndi shuga zimamuteteza, choncho amatha milungu itatu kapena inayi, pomwe vinyo wamba amasintha m'masiku atatu kapena asanu. Koma fungo la chipatso limachepa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mpweya wolowa m'botolo. Akatsala wochepa, muthireni m'kabotolo kakang'ono koyera kuti mpweya uchepe. Akayamba kuoneka wabulauni n'kumanunkha ngati viniga, mpweya wamuwononga. Akamanunkha ngati katoni yonyowa mutangotsegula kumene, vuto ndi chotsekera cha cork, chopangidwa ndi khungwa la mtengo, ndipo fungo limenelo silichoka ngakhale mudikire.

Chinanso, kutsekemera kumabisa ukali. Mu 100 ml ya vinyo wa 18% muli mowa wofanana ndi wa mu 150 ml ya vinyo wa 12%. Amayi oyembekezera, ana, oyendetsa galimoto ndi amene akumwa mankhwala osagwirizana ndi mowa asalawe. Odwala matenda a shuga afunse kaye dokotala.

Funso: Ine ndili ndi botolo lolembedwa kirsch ndi lina lolembedwa Cherry Heering. Kodi ndi vinyo yemweyu?

Yankho: Ayi, ndi zakumwa zosiyana. Kirsch ndi mowa wotcheza kuchokera ku cherry, woyera ngati madzi, wosatsekemera, mphamvu yake pafupifupi 40%. Cherry Heering, yemwe anayamba kupangidwa ku Copenhagen mu 1818, ndi mowa womwe amaviikamo cherry ndi zonunkhiritsa n'kuwonjezamo shuga, monga amachitiranso ndi ginjinha wa ku Lisbon. Zimenezi muthire 25 kapena 30 ml yokha. Kirsch safuna firiji akatsegulidwa, bola mutseke zolimba ndi kuika pamalo opanda dzuwa.